Mpando Umodzi wa Kutsogolo

Achemwali anga okondedwa,

Pepani kuti ndakuvutitsani ndi kalata. Ndikudziwa kuti maso anu sakufunanso zowerenga masiku ano, ndiye ndayesetsa kukulitsa zilembo. Ndikanaimba foni, koma inu foni mumaikweza mawu kuti alamu ndi aliyense wodutsa pakhomo amve nawo, ndipo kunonso mwana sachoka pafupi akangodziwa kuti ndikulankhula ndi inu. Nkhani iyi ndi ya ife awiri. Muiwerenge muli nokha, mukamaliza muibise.

Kaya muli bwanji kumeneko? Khutu lakumanzere lija likutulukabe madzi? Nanga bondo la alamu, anapita nalo kuchipatala kapena akungolimanga nsalu monga mwa masiku onse? Ife kuno tili bwino. Msana wokha ndi umene umandikumbutsa zaka ndikakhalitsa pamakina. Kushopu anandisunthira pafupi ndi zenera, ndiye ulusi ndikulowetsa pasingano osaitana munthu. Mpopi wapanyumba uja eni nyumba anakonza, ngakhale kuti ukudonthabe pang'ono ukautseka mofulumira.

Kafupi wanu ali bwino. Ndikumutchula Kafupi potsatira inu, koma nditamuyeza mwezi watha ndinapeza kuti wandipitirira ndi zala zitatu.

Za sewero la kusukulu kwawo anakuuzani kale pafoni, ndipo ndinamva mukumulonjeza kuti mubwera. Koma pali zina zimene sanakuuzeni, ndipo zambiri mwa izo ndi zochititsa manyazi ine.

Seweroli ndi la zisudzo ndi kwaya pamodzi. Adzaonetsa kamodzi kokha, Loweruka pa 22 mwezi uno, 2 koloko masana, mu holo ya sukulu. Akuyendetsa ndi aphunzitsi a nyimbo, bambo wamfupi wadazi amene ana anawapatsa dzina loti a Bwerezani, chifukwa mawu amenewo sachoka pakamwa pawo. Ana amati ngakhale utayetsemula amakuuza kuti ubwereze, poti sunayetsemule pa nthawi yake. Nkhaniyo anapeka okha ndi anawo. Ndi ya mayi amene mwana wake anapita kutali, ndiye mayiyo amakaima pokwerera basi kudikira, basi ikamadutsa kwaya n'kumaimba. Atsikana asanu ndi anayi anayesedwa pa malo a mayiyo, ndipo anasankhidwa ndi wathuyu.

Pamsonkhano wa makolo ena analonjeza zokuzira mawu, ena penti, ena matabwa. Ine chimene ndili nacho ndi manja, ndiye ndinaimirira n'kunena kuti zovala ndisoka ndine. Zovala za osewera ndi 23, kuphatikizapo makolala a ana a kwaya 40. Ndinagula kope lapadera, mwana aliyense tsamba lake, chifuwa, chiuno, phewa ndi kutalika. Abwana anandilola kuchoka 3 koloko Lachitatu lililonse. Kunena zoona, sikuti ndimakonda sukuluyo kwambiri. Ndinkafuna chifukwa cholowera mu holo muja kuti ndizimuona.

Kafupi anandiuza yekha mmene diresi la mayiyo likhalire. Anati likhale lalitali, lopanda maluwa, ndipo kutsogolo chakumanja kukhale thumba limodzi lalikulu loti dzanja lizilowa lonse. Sindinaganize kanthu. Ndinasoka monga ananenera, iye n'kuikamo timakiyi takale timene anapempha kwa mlonda wa sukulu.

Tsiku limene ndinamuona koyamba akusewera ndinali nditagwada pansi pa nsanja, ndikupinda siketi ya mtsikana wina, mapini ali kukamwa. Ndinamva holo yonse yakhala chete, ndiye ndinadzutsa mutu.

Achemwali, ndinaona inu.

Kafupi anatuluka akuyenda mokoka pang'ono mwendo, n'kuima. Anapukuta manja m'chiuno kawiri ngakhale kuti anali ouma. Anapendeketsa mutu kuti khutu lakumanja lilozere kumsewu, monga mumachitira inu chifukwa cha khutu lanu lija, pomwe mwanayu makutu ake onse ndi abwinobwino. Kenako anaima ndi mwendo umodzi, phazi linalo likukanda katumba, dzanja n'kulowa m'thumba kuyamba kuliza makiyi. Basi itadutsa osaima anatsokomola kamodzi, kachifuwa kanu kaja kopanda chimfine, n'kunena kuti tiona mawa.

A Bwerezani tsiku limenelo sananene kuti bwerezani. Anavula magalasi, n'kumufunsa kuti zimenezi anazitenga kuti. Iye anayankha kuti kwa amayi ake. Aphunzitsiwo anatembenukira kwa ine akuseka, amvekere mayi, kani mumaima chonchi, tikanadziwa tikanangokutengani inuyo. Ana onse anandiwombera m'manja. Ine ndinangogwedeza mutu. Mwayi wake mapini anali kukamwa, palibe anayembekezera kuti ndiyankhe.

Musandimve molakwa. Ndinakusiyirani mwana wa zaka zitatu, bambo ake atangomwalira, ine ndilibe ndi mphasa yomwe, ndipo munandibwezera namwali wa zaka khumi ndi zisanu waulemu, wodziwa ntchito, wakhoza mayeso. Zimenezo palibe angabweze. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo inu mwambi umenewu munausunga bwino, mwina kupitirira pamene ndinkayembekezera. Chikuku anadwalira pamsana panu. Dzino loyamba anagululira m'manja mwanu. Ine ndinali amayi akutauni, obwera ndi nsapato zimene nthawi zonse zinkakhala zitachepa kale.

Tsopano takhala limodzi zaka ziwiri, koma akati kwathu amatanthauza kwanu. Zovala amapinda katatu monga inu, pomwe ine ndimapinda kanayi, ndipo ndikapinda ine amadikira nditatuluka n'kupindanso. Akadwala mutu amafunsa kuti kodi amayi aakulu akanati timwe chiyani. Zonsezi ndinkangomeza. Koma za mu holo zija zinandikanika kumeza, chifukwa anatchula kuti amayi anga pamaso pa anthu, ine ndili pomwepo, ndipo sankanena ine.

Ndinamuuzako mnzanga wodula nsalu kushopu. Iye anaseka, anati nsanje ya pa mwamuna ili ndi mankhwala, umangomusiya mwamunayo, koma ya pa mwana ilibe kothawira. Anandiuza kuti ndimwe madzi ndikhale pansi. Ndikanamvera.

Lachisanu ndinakatenga diresi lija kusukulu n'kubwera nalo kunyumba, ndinanena kuti m'munsi mwake simunafanane. Lamulungu masana Kafupi atapita kwa mnzake kukaloweza mawu, ndinakhala pazenera n'kuyamba kusomola thumba lija. Ndinachotsa ulusi umodziumodzi ndi nsonga ya singano kuti nsalu isakokeke. Kenako ndinanyowetsa kansalu, n'kusita pamalopo mpaka timabowo tonse ta singano titatsekeka. Mukanaona simukanadziwa kuti panali thumba. Chaka chino sindinagwirepo ntchito yaukhondo ngati imeneyo, ndipo ndi imene ndikuchita nayo manyazi.

Maganizo anga anali oti dzanja likasowa kolowa, mwina adzapinda manja pachifuwa monga ndimachitira ine. Ndinkafuna kanthu kamodzi kokha ka ine pansanja paja. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kwaya imaima kuseri kwa katani, siona aphunzitsi, ndipo chizindikiro choti ayambe nyimbo yoyamba ndi kulira kwa makiyi aja. Ine maso anga ankangokhala pa mwana, za kwaya sindinkazilabadira.

Lachitatu lotsatira linali tsiku loyeserera atavala zonse, ndipo ahedi anabwera kudzaonera ndi aphunzitsi ena. Kafupi anachedwa kutuluka m'kalasi, anafika akuthamanga. Ndinamuveka ndekha, n'kumuponyera juzi pamwamba, a Bwerezani akukuwa kuti mayi ali kuti, basi ikudikira mayi m'malo moti mayi adikire basi. Kafupi anandifunsa ngati makiyi alimo. Ndinamuyankha kuti zonse zili m'malo mwake.

Anatuluka bwinobwino. Anapukuta manja, anapendeketsa mutu, anaima ndi mwendo umodzi. Dzanja linatsika kufuna thumba, n'kungotsetsereka pansalu. Anayesanso. Anayesa kachitatu chakumanzere. Manja sanapinde pachifuwa ayi, anangowasiya lende, maso ali pansi. Kuseri kwa katani ana 40 anali chete kudikira makiyi. Zinatenga nthawi yaitali moti mtsikana wina wa kwaya anafunsa mokweza ngati basi yapita kapena yafa, holo yonse n'kufa ndi phwete, ndi ahedi omwe.

A Bwerezani sanaseke. Anakwera pansanja n'kufunsa kuti thumba lapita kuti. Ine ndinali nditaima pakhomo la chipinda chovalira, tepi ili m'khosi. Kafupi anandiyang'ana kamodzi kokha. Kenako anauza aphunzitsiwo kuti ndi iye amene anandipempha kuti ndilichotse chifukwa linkamulemera, ndipo anaiwala za kwaya. Aphunzitsi anamukalipira pamaso pa anzake. Anati mutu wayamba kukula, ndipo asaiwale kuti pali mtsikana wina amene analoweza mawu onse a mayiyo ndipo akungodikira tsiku ngati limeneli. Mwana anangoti pepani aphunzitsi. Ine, mayi wake, sindinatsegule pakamwa.

Pobwerera anayenda patsogolo njira yonse. Titalowa m'nyumba anaika chikwama pabedi n'kundifunsa mwaulemu kuti thumba lili kuti. Ndinati linkakokera diresi mbali imodzi, ndiye ndinalitaya. Iye anati amayi, inu amene simudya batani likakhala mopendama, mukanasoka thumba lokokera mbali? Anapita pashelefu, anatsegula chitini changa cha mabatani, n'kulitulutsa lili lopindidwa bwino, makiyi ali m'kati. Anati munthu wotaya chinthu sayamba wachisita.

Pamenepo ndinalira, Achemwali, ine mayi wa imvi kulira pamaso pa mwana. Ndinamufunsa kuti bwanji sanatengereko kwa ine ngakhale kanthu kamodzi, kaya kayendedwe, kaya kakhalidwe ka pampando. Ndinamufunsa ngati ine ndilibe chilichonse choti munthu angaonetse anthu.

Yankho lake ndi limene landilembetsa kalatayi. Anati aphunzitsi sanamuuze kuti aonetse mayi wosoka kapena mayi wophika, anamuuza kuti aonetse mayi wodikira, ndipo kudikira kumene iye anakuona ndi kumodzi kokha. Anati tchuthi chilichonse, tsiku limene ndanena kuti ndifika, inu munkamusambitsa m'mamawa, kumuveka diresi limene ndinatumiza, n'kupita naye pokwerera basi. Munkaima pamenepo mpaka basi yomaliza ya masana, mukuliza makiyi. Anati katatu sindinabwere, ndipo katatu konseko munatsokomola n'kumuuza kuti tiona mawa, mawa lakelo n'kupita nayenso. Anati mmene ine ndimadikirira sakudziwa, chifukwa ine ndikakhalapo ndiye kuti kudikira kwatha.

Maulendo atatu amenewo ndikuwakumbukira. Inali nthawi ya mayunifolomu, abwana anakana kundimasula, ndipo uthenga unakupezani mochedwa. Koma zoti munkaima pamsewu masiku awiri simunandiuzepo. Munkangoti mwana ali bwino, usadandaule. Bwanji simunandiuze?

Munthu wabwino akanamva zimenezi nsanje ikanathera pomwepo. Yanga sinathe, ndipo sindikufuna kukunamizani. Nanenso ndinkadikira. Ndinkadula masiku pakalendala ya kushopu ndi choko chosokera, ndinkasoka madiresi ongoyerekeza msinkhu wake poyang'ana ana a eni ake mumsewu. Kusiyana kwake n'kwakuti inu munkadikira mwana akukuonani, ine ndinkadikira ndekha m'chipinda, ndipo palibe angakwere pansanja kuonetsa zimenezo. Ndafika pochitira nsanje ngakhale kuima kwanu padzuwa. Ndikudziwa kuti ndi zopusa. Ndapemphera nazo, koma sizikuchoka.

Diresilo tinabwera nalo kunyumba, ndiye thumba ndinabwezera tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ndinasoka mizere iwiri ndi ulusi wolimba. Ndinamupempha Kafupi chinthu chimodzi, kuti makiyi a mlonda abweze, aikemo anga a chipinda chimene ndinkakhala kale ndisanamutenge. Anavomera, anati amalira bwino kuposa aja. Ndiye kaimidwe ndi kanu, kachifuwa ndi kanu, koma makiyi ndi anga. Musandiseke. M'mawa mwake ndisanapite kushopu ndinakaonana ndi a Bwerezani n'kuwauza kuti thumba ndinachotsa ndine, mwana sanadziwe kanthu. Chifukwa chake sindinawauze. Anandiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi, n'kunena kuti ichi chokha, mayi, musabwereze. Malo a mayi uja akadali a Kafupi.

Tsopano ndafika pa pempho langa, ndipo ndi limodzi.

Holo ija ndi yaing'ono. Mzere wakutsogolo anausungira makolo a osewera, mwana aliyense mpando umodzi basi. Anapatsa ana makadi oti alembepo dzina la munthu wodzakhala pampandopo, ndipo dzinalo adzalimata pampando. Ena onse adzakhala kumbuyo paliponse pamene apeza. Sewero likatha, mwana aliyense adzatsika kukagwira dzanja la munthu wa pampando wake n'kukwera naye pansanja, anthu akuwomba m'manja. Makadi akufunika kwa aphunzitsi Lachisanu pa 14.

Khadi la Kafupi ndinalipeza m'buku lake la masamu pamene ndinkalikuta pepala latsopano. Silinalembedwe kanthu, ndipo m'mbali mwake mwayamba kuda chifukwa chogwiragwira. Nditamufunsa anati dzina lililonse limene angalembe, mmodzi wa ife adwala. Anati akuluakulu ndinu, munabadwa mimba imodzi, gwirizanani nokha, ine mundiuze zoti ndilembe. Anandipatsa khadilo kuti ndisunge. Chiyambire tsiku limenelo sakudya bwino, ndipo mawu ake a nyimbo aphunzitsi ati ayamba kuchepa mphamvu. Tisamusiye mwana akusenza katundu wa ife.

Achemwali, bwerani. Mukapanda kubwera mwanayu adzasewera maso ali kukhomo. Koma mpando umenewo mundisiyire.

Sindikunena kuti ndi woyenera ine. Tikati tiyeze ndi tepi, mpandowo ndi wanu, ndi miyendo yake yomwe. Koma taganizani, maola awiri athunthu anthu onse mu holo adzakhala akuonera inu. Pansanja mudzakhala mulipo kale. Ine ndikupempha mphindi zisanu zakumapeto, kuti mwana amene ndinabereka andigwire dzanja anthu akuona, kamodzi kokha. Chaka chamawa amaliza sukulu, ndipo sewero lina silidzakhalaponso.

Malo anu ndaganiza kale. Ndinayenda mu holo monse ndikukhala pamipando yosiyanasiyana ana akuimba. Pabwino ndi mzere wachitatu, mpando wachiwiri kuchokera kukhoma lakumanzere mukayang'ana kutsogolo. Pamenepo khutu lanu labwino lidzaloza kunsanja, palibe chipilala chotchinga, ndipo khomo lili pafupi ngati mungafune kutuluka. Ndidzapita 12 koloko kukaikapo nsalu kuti wina asakhalepo. Mudzagona pabedi panga, ine ndidzayala pansi. Ndakusokeraninso bulauzi ya buluu poyerekeza ndi ija munasiya kuno, ngati mwanenepa ndasiya nsalu yokwanira m'mbali yoti n'kufutukula. Bulauziyo ndi yanu kaya muvomera kaya mukana, musaganize kuti ndikukugulani.

Mwana musamuuze kuti ndinachita kupempha. Mukavomera, mudzangomuuza kuti kutsogolo zokuzira mawu zimakupwetekani khutu. Sindikufunanso kunamizira kuti ndikufuna muvomere ndi mtima wonse. Ngakhale mutavomera mondimvera chisoni chabe, ine ndilandira.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu si dokotala. Moni kwa achimwene ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa ana anu onse, makamaka wamkuluyo ndi khanda lake limene sindinalionebe. Amalume muwauze kuti thalauza lawo ndinalichepetsa m'chiuno, mudzawatengera pobwerera. Kafupi akanapereka moni, koma sakudziwa kuti ndikulemba.

Chonde mundiyankhe lisanafike Lachitatu pa 12, kuti khadi lipite Lachisanu. Muimbe nthawi ya nkhomaliro ndili kushopu, pakati pa hafu 12 ndi 1 koloko, ndipo mupite kuseri kwa nyumba muli nokha. Simukufunika kufotokoza zambiri, mungoti khala kapena ndikhala ndine. Mukati ndikhala ndine sindidzakwiya, kapena ndikakwiya simudzaona. Koma Lachitatu likadutsa muli chete, ndidzadziwa kuti mwalephera kundikaniza pakamwa, ndipo ndidzalemba dzina lanu ndekha n'kumupatsa mwana ndikumwetulira.

Ndine mng'ono wanu wovuta uja,
Mayi ake a Kafupi